Amuna anga akukadzudzula mabwana awo pamaso pawo

Aphungu,

Ndiyambe ndi zokoma, chifukwa mtimawu ukusefukira. Amuna anga, omwe ndi kaputeni wa asilikali, atuluka nambala wani pa kosi ya maofesala. Munthu amene miyezi yonseyi amadya buku lili pambali pa mbale, mwana akumukoka khutu iye osamva, waposa anzake onse! Uthenga utafika ndinavina thovu la sopo lili m'manja, mpaka aneba anasuzumira pawindo kufunsa kuti kwagwanji.

Kusukulu kwawoko kuli mwambo woti pa tsiku lotsekera, wopambana amawerenga nkhani imene analemba pamaso pa akuluakulu onse. Vuto langa lagona pamenepa, chifukwa nkhani ya amuna anga ikudzudzula akuluakulu omwewo. Chaka chatha mabwanawo anaphatikiza magulu a asilikali, ena n'kuwathetseratu, ndipo masajeni akale ambiri anawapumitsa. Amuna anga alemba kuti ofesala wachinyamata amaphunzira ntchito kwa sajeni wakale, osati m'kalasi mokha. Pano anyamata ongotuluka kusukulu akupatsidwa asilikali oti aziwatsogolera popanda wowanong'oneza kuti, "Bwana, apa ayi." Alembanso kuti amene anakonza zimenezi anangoyang'ana mapepala muofesi.

Amayeserera kuwerenga pagalasi la kuchipinda atavala vesiti, gulu lowamvera ndife ine ndi mwana. Ndimawomba m'manja ndithu. Nditawafunsa ngati zimenezi sizitigonetsa ndi njala, anangoseka. Anati, "Mayi a mwana, mabwana omwewo anatiphunzitsa okha kuti ofesala sabisa zimene waona. Ndiye ndiyambe kubisa tsiku lolandira satifiketi?"

Tsono kukampu kuno ife akazi timavala nawo maudindo a amuna athu. Mkazi wa kaputeni sadutsa mkazi wa mejala pamzere wa kusitolo. Andiuza kuti tsikulo ndikakhala kutsogolo, pambali pa mayi a bwana wamkulu weniweniyo. Diresi ndasoketsa kale, lobiriwira, telala analipatsa ulemu wake. Koma nkhopeyi ndikaiika pati amuna anga akamakanena kuti amuna a mayiwo analakwitsa?

Mlamu wanga akuti ndingosolola tsamba lowawalo pamene ndikusita yunifolomu, eniake akazindikire ali kale pamaikolofoni. Ndikuopa kuti angatisamutsire kutali, umejala tikuununkhizawu n'kutidutsa. Ndisolole kapena ndisiye?

E.C., kukampu ya asilikali

Mayi E.C.,

Choyamba, vinaninso, ndipo aneba asuzumirenso. Mwakwatiwa ndi munthu wamutu komanso wachilungamo, ambiri amapeza chimodzi chokha.

Tsambalo lisiyeni, ndipo mlamu wanuyo asayandikire posita. Mukalichotsa, amuna anu akakakamira pakati pa nkhani, maso ali mwazumwazu, mabwana akuyang'ana. Ofesala wooneka wosakonzeka amagwa msanga kuposa wonena zoona. Akadzadziwanso kuti ndinu, sadzakusiyiraninso chikwama chawo.

Taganizani bwino. Nkhaniyo aphunzitsi awo anaiwerenga, ndipo nawonso ndi maofesala akuluakulu. Anaipatsa nambala wani akudziwa amene adzakhale pamipando yakutsogolo. N'kutheka kuti zimawawawa nawonso. Komabe amuna anu apite kwa mkulu wa sukuluyo akafunse mosapita m'mbali ngati aiwerenge momwe ilili. Kuusilikali chilolezo chimateteza munthu.

Inu ntchito yanu ndi khutu. Akamayeserera, muziwaimitsa paliponse pamene mawu akubaya munthu m'malo mwa nkhani. Zoti "anangoyang'ana mapepala muofesi" ndi chipongwe, auzeni azichotse okha. Asatchule dzina la munthu, ndipo amalize ndi njira yokonzera, monga kuitananso ena mwa masajeni aja kuti azilangiza anyamatawo. Bwana amameza chidzudzulo mosavuta chikabwera ndi pothawira.

Za mayi a bwana musataye nazo tulo. Apatseni moni waulemu, yamikirani nsapato zawo, basi. Musapepese, musaweramitse mutu. Nawonso anakhalapo mkazi wa kaputeni, ndipo mwina zimene amuna anu akukanena iwo amazinena kale kunyumba pakudya.

Nkhaniyi ithere muholomo. Isafike pafoni, kusaluni kapena pamzere wa kusitolo, chifukwa kumeneko imasanduka miseche, ndipo miseche ndiye imachotsetsa ntchito.

Sindingakulonjezeni kuti onse akamwetulira. Mwina umejalawo uchedwa, mwina mumanga katundu. Zikatero, mangani mukuimba, ndipo pakamwa panu pasadzatuluke mawu akuti "ndinanena ine." Mwamuna akamva mawu amenewo kwa mkazi wake, sadzaimanso pagulu kunena zoona, ndipo inu mudzakhala ndi mejala wamantha m'nyumba.