Ampulifaya ya Bambo Ikumazima Ikangodzutsidwa

Aphungu,

Ndikudziwa kuti tsamba lanuli ndi la amuna othawa mabanja ndi apongozi olowerera, koma lero mundilandire ndi vuto la mawaya.

Bambo anga anakonza mawailesi kwa zaka makumi atatu. Chaka chatha anadwala sitiroko. Dzanja lamanja linafa, mawu amatuluka movutikira, ndipo amayendera ndodo. Chimene sichinasinthe ndi makutu. Ali ndi ampulifaya yawo yakuda, makina okuzira mawu a nyimbo, yolemera ngati injini, imene ankaipukuta kawirikawiri kuposa mmene ankatipukutira ife mamina. Koma batani lake lili m'munsi mwa shelefu, ndipo iwo sangawerame.

Ndiye ndinawapezera sitirima, kabokosi kotenga nyimbo pa intaneti. Pali kawaya kochokera ku kabokosiko kukalowa kumbuyo kwa ampulifaya, pabowo lolembedwa 12V. Cholinga n'choti ine ndikakhala kuntchito, bambo angodina foni ndi chala chimodzi, kabokosi kadzuke, kenako kadzutse ampulifaya.

Kudzutsa kamadzutsa ndithu. Nyale imayaka, timamva "tha!", kenako zii. Kabokosi nako kamathima n'kuyambiranso, ngati ndangokalumikiza kumene. Koma ndikachotsa kawayako n'kuyatsa ampulifaya ndi dzanja, kabokosi n'kubwera pambuyo, nyimbo zimalira tsiku lonse.

Ikazima choncho bambo ankayamba kumenya ndi ndodo ekisitenshoni imene ndinalumikizapo zonsezi pamodzi ndi firiji ndi fani. Ndinaikankhira kuseri kwa kabati kuti angaiphwanye. Chiyambire tsiku limenelo foni saikhudzanso. Ndikabwera madzulo ndimawapeza atangokhala duu, akuyang'ana khoma.

Achimwene anga anandiimbira foni, amvekere, "Chemwali, chimtembo cha ampulifaya chimenecho ndidzachinyamula Loweruka. Madala ndiwabweretsera kasipika kam'manja." Ndinawayankha kuti, "Mukachinyamula munyamulenso madalawo, muzikawayang'ana m'maso ndinu." Anaseka. "Iwe ndi mawaya? Ngakhale babu umachita kuitanira aneba!"

Aphungu, ampulifaya imeneyi situluka m'nyumba muno. Ndiyambire pati?

E.N., mwana wa wokonza mawailesi

Achemwali,

Ndinatha zaka zinayi kuyunivesite ndikuphunzira za maganizo a anthu, ndipo palibe mphunzitsi anandichenjeza kuti tsiku lina ndidzayanjanitsa banja la kabokosi ndi ampulifaya. Komabe mlanduwu ndaumva, ndakafunsanso kwa mnzanga wa zamagetsi. Amene tikumukayikira kwambiri ali kuseri kwa kabati, komwe munamubisa nokha.

Ampulifaya yaikulu ikamadzuka imameza magetsi ambiri kamodzin'kamodzi. Ikakhala pa ekisitenshoni ya waya wowonda, mothithikana ndi firiji, mphamvu imatsika kwa kamphindi, kabokosi n'kukomoka. Kakakomoka kamasiya kutumiza uthenga pa kawaya kaja, ndipo ampulifaya, poona kuti woidzutsa wagona, imabwereranso m'bulangete. Ndinagwirapo ntchito muofesi yoyenda chimodzimodzi. Kalaliki ankagogoda kwa abwana, chitseko chikatseguka iye n'kuiwala chimene wabwerera, abwana n'kubwerera kukawodzera. Malipoti onse ankati ntchito ikuyenda bwino.

Tsono imvani ichi, ngakhale chikuwawa. Sindikukhulupirira kuti ndodo ija inali ya ukali. Katswiri wa zaka makumi atatu ankakulozerani vuto ndi chida chokhacho chimene chamutsalira, inu n'kubisa umboni. Munthu sangasiye kudina foni chifukwa choti makina avuta. Bambo anu makina ovuta ndiwo anali chakudya chawo. Asiya chifukwa anayankhula koma palibe anamva.

Choncho musayambire pa waya. Yambani mwakoka mpando wawo kuti ufike pafupi ndi shelefu, mutulutse ekisitenshoni ija, muwaonetse, muwafunse kuti, "Bambo, mumanena iyi?" Kuyambira pamenepo inu ndinu manja, iwo ndi kapitawo.

Zimitsani zonse. Ampulifaya ilowe yokha pa soketi ya pakhoma. Kabokosi kapezereni soketi ina, firiji ndi fani zikadyere kwina. Bwezerani kawaya, muyese. Ndikuganiza kuti nkhani ithera pomwepa.

Ikazimabe, zulani kawayako muyang'ane mutu wake. Zipangizo zambiri zimafuna kamutu ka mzere umodzi wakuda. Ka mizere iwiri ndi ka mahedifoni. Kamalowa bwinobwino pabowopo, koma kulowa pakhomo sikutanthauza kuti walembedwa ntchito. Kabuku kamene kanabwera ndi kabokosiko kakuuzani mtundu woyenera. Onaninso ngati pafupi ndi bowo la 12V pali kaswitchi kosankha chodzutsa ampulifaya. Ina imadzuka ndi waya, ina imadikira kumva nyimbo, ndipo ikapanda kumva msanga imagonanso. Ikani pa waya. Sinthani chinthu chimodzi, muyese, kenako china. Mukasintha zonse pakamodzi simudzadziwa chimene chachiza.

Za achimwene musavutike nazo mtima. Makina oimba tsiku lonse akayatsidwa ndi dzanja si mtembo, ndipo palibe amaika m'manda munthu amene akuyankha moni. Asiyeni abwere Loweruka. Kuti mufike pa soketi za pakhoma mwina pafunika kusuntha kabati, ndipo munthu wodzipereka kunyamula zolemera sabwezedwa.

Chenjezo langa ndi ili. Musatsegule chivundikiro cha ampulifaya, ngakhale bambo atakulozerani sikuludiraiva. M'katimo mumatsala magetsi okwana kukugwetsani pansi ngakhale mutaizula pakhoma. Fyuzi ikapsa musamangepo waya, ndipo mukamva fungo la chinthu chopserera, zimitsani muitane wodziwa ntchitoyo.

Ndipo tsiku loyesa komaliza, manja anu muwaike kumbuyo. Nyimbo yoyamba adine ndi bambo, ngakhale chala chitatenga mphindi zisanu kuti chipeze malo ake.

Aphungu