Lole ya Bambo Namakhwa

Lolemba, 3 Malichi 2025

Luchenza. Mvula yosakata, matope mpaka mu akakolo. Nsapato zanga za ku ofesi zatha ntchito tsiku loyamba lomwe.

Chomwe ndadzera: kulangiza kampani ya pabanja, Namakhwa ndi Ana, momwe bambo angasiyire ana bizinesi popanda kuthyolana makosi. Ali ndi malole otuta masamba a tiyi kwa alimi ang'onoang'ono kupita nawo ku fakitale, komanso nazale ya mbande. Wandiitana ndi Amosi, mwana woyamba. Mimba patsogolo, makiyi m'chiuno ngati woyang'anira ndende. Anandichingamira pa siteji. Ndisanapukute ndi nkhope yomwe, iye ali: "A Mildred, ntchito yanu ndi yophweka. Muwauze adadi apume." Basi, lipoti wandilembera kale m'mutu mwake. Ine changa n'kusaina.

Ndamuuza mwaulemu kuti ine ndimalangiza kampani, osati munthu mmodzi. Waseka ngati ndacheza.

Banja lonse ndi la Seventh Day. Tiyi samwa. Nyumba anamanga ndi tiyi, ana anaphunzira ndi tiyi, koma kapu imodzi yokha ndi tchimo. Ine mutu waphuliphuli chifukwa chosowa tiyi, pakati peni peni pa minda ya tiyi. Andipatsa thobwa.

Ku resitihausi bedi ili ndi chigwa pakati. Mtengo wake ngati hotela. Ntchitoyi isandipulumuke, lendi ikundidikira ku Chilomoni.

Lachitatu, 5 Malichi

Msonkhano woyamba wa madayilekitala, mu shedi yosungira malole. Aliyense m'banjamo ndi dayilekitala. Bambo Simeoni Namakhwa, mwini zonse, wamtali, jekete yakuda ya kutchalitchi. Mayi Emma, akazi awo, amene sanena kanthu koma aliyense amayamba wawayang'ana asanalankhule. Amosi. Ndi Fainess, mchemwali wake, woyendetsa nazale, zikhadabo zodzaza dothi. Mbali yokhayo ya kampani imene ikuyenda bwino ndi yake, koma anamukhazika pa ndowa.

Ndafunsa funso la ana a sukulu: ndani amalamula pano? Onse kupatula mayi Emma anayankha nthawi imodzi, mayankho atatu osiyana. Kenako anatembenukira ku Chilomwe. Agogo anga anali a ku Changata, koma ine Chilomwe changa chimathera pa moni. Ndinangomva dzina langa likudutsa kawiri.

Bambo aja, ndi zaka zawo zonsezo, amayendetsabe okha lole imodzi m'mawa uliwonse. Amosi atangoikhudza nkhaniyo, iwo: "Ndinayamba kukwera mapiri awa iwe usanaganiziridwe n'komwe." Msonkhano unathera pomwepo. Pemphero lotsekera linatalika kuposa msonkhanowo.

Madzulo mphatso zayamba kufika. Fainess, mapeyala. Mayi Emma, nkhuku yamoyo. Amosi, mbuzi. Mbuzi yeniyeni, yomangirira pa mpopi wa resitihausi. Mphunzitsi wathu wa malamulo a ntchito ankakonda kunena kuti, "Ukadya nkhuku ya kasitomala, pakamwa pako pasanduka pake." Za mbuzi sananenepo. Ndabweza zonse pa kabaza. Mbuzi ikulira msika wonse, anthu akuseka, wakabaza akundiyang'ana ngati wodwala mutu.

Peyala limodzi ndinali nditadya kale. Mulungu andikhululukire, linali lokoma.

Lachisanu, 7 Malichi



Ndinapempha kukwera nawo lole ya bambo Namakhwa kuti ndione momwe ntchito imayendera. Chifunga chili mbuu. Msewu wa dothi wolowera cha ku Thekerani, mbali ino tiyi, mbali inayo phompho. Amayendetsa bwino, mofatsa, akung'ung'udza nyimbo za m'buku. Dzenje lililonse amalidziwa lisanafike. Ine mumtima ndikuti Amosi ndi wadyera chabe, mdalayu ali bwinobwino.

Kenako pa mtsetse wina anandiuza, osatembenuka: "Mwana wanga, mukaona munthu kutsogoloku muzinena."

Ndinaseka. Iwo sanaseke.

Tinaima pa shedi yoyezera masamba. Alimi ali pa mzere ndi madengu awo pa sikelo, iwo anazimitsa injini nandiuza zonse. Shuga. Maso akhala akuzima pang'onopang'ono. Lamanzere linapita kale, lamanja limangoona zithunzithunzi, ngati munthu ali m'madzi. Msewu ali nawo m'mutu. Koma mwana wa sukulu sakhala m'mutu, ngakhale ng'ombe.

"Inu ndi anthu a malamulo," anatero. "Ndamva kuti mumasunga chinsinsi ngati abusa. Ana anga asamve. Akamva, ndatha ine."

Pobwerera ndinali kondakitala. Njinga kumanzere! Amayi a nkhuni! Galu! Kumbuyo kuli anyamata opakira atakhala pamwamba pa matumba, akuimba, sakudziwa kanthu. Ndinapemphera m'zinenero zonse, ndi Chilomwe cha moni chomwe.

Loweruka, 8 Malichi

Sabata. Malole onse ali phee. Lero lokha palibe amene afe.

Ndagula tiyi pa kantini ya pamsika, makapu awiri, ndamwa ngati wothawa kundende.

Tsono nditani? Malamulo athu amati za kasitomala usaulule. Malamulo omwewo amati pokhapokha ngati moyo wa munthu uli pa chiswe. Amene analemba zimenezi anali mu ofesi ya mafani ku Lilongwe, sanakhalepo moyang'anana ndi bambo wachikulire akukupempha ngati mwana. Ndipo kasitomala wanga ndi ndani kwenikweni? Amosi amene anandiitana? Bambo amene dzina lawo lili pa chitseko cha lole? Kampani? Kampani ilibe maso oti achite khungu.

Chondinyansa n'chakuti ndikanena, Amosi wapambana. Mbuzi yake yagwira ntchito ngakhale ndinaibweza.

Lolemba, 10 Malichi

Bambo Namakhwa ndinawapeza okha ku nazale, akusisita mbande ndi zala. Ndinawauza mosapsatira. Kuti chinsinsi chawo ndachisunga, koma sindingachisunge mpaka chiphe munthu. Kuti auze banja lawo okha pofika Lachinayi, apo ayi ndinena ndine, ndipo ndayamba kuwauza iwo kuti asadzati ndinawadyera kuseri. Komanso kuti chiwongolero asachigwirenso kuyambira lero.

Anasiya kusisita mbande. Kenako: "Ndimayesa ndinu mlangizi. Kani ndinu wapolisi." Ndipo anandichotsa ntchito. Mwaulemu wake, mpaka kundifunira ulendo wabwino.

Ndinawakumbutsa kuti anandilemba ndi Amosi. Iwo akuti Amosi anamulemba ndi iwo, kuchipatala cha mishoni, tsiku lomwe anabadwa. 

Kaya ndili pa ntchito kaya ayi, sindikudziwa. Mwini resitihausi wayamba kundipatsa moni wautali.

Lachiwiri, 11 Malichi

Ndinalawirira ku shedi ya malole kuti ndione ngati amvera. Kumvera kuti? Lole inali itatuluka kale pa geti. Koma patsogolo pake panali njinga yamoto, ikuyenda pang'onopang'ono, hutala pipiii pa kona iliyonse. Woyendetsa atavala chipewa chobisa nkhope, koma mimba ija siibisika.

Masana ndinamupanikiza Amosi kuseri kwa ofesi. Anayamba ndi bodza, akuti amakayendera alimi. Kenako anakhala pa tayala lakutha, nayamba kulankhula akuyang'ana pansi. Wakhala akuchita zimenezi kuyambira mvula ya chaka chatha. M'mawa uliwonse amatsogola, kuthamangitsa ana ndi mbuzi mumsewu. Lachisanu lija anatsalira chifukwa njinga inafa, ndipo tsiku lonse sanadye. Anazindikira tsiku lina bambo ake atapatsa moni mtengo wa nthochi. Mayi ake akudziwa, amawaikira sipuni m'manja mochenjera. Fainess akudziwa, ndiye amawawerengera mauthenga a pa foni ponamizira kuti zilembo za masiku ano n'zazing'ono.

"Ine ndingayang'ane adadi n'kuwauza kuti simukuona? Pakamwa panga pomwepa? N'chifukwa chake ndinaitana inu a jekete. Mlendo akanena, amakwera basi n'kumapita." Kenako anawonjezera: "Koma musawauze kuti tikudziwa. Angafe ndi manyazi."

Ndiye ndili ndi chinsinsi chimodzi, eni ake awiri, aliyense akuti mnzake asamve. Sindinamuuze kuti bambo ake anandiuza kale. Ndinangoti ndamva.

Munthu ndinamuweruza ndi mimba ndi mbuzi. Manyazi andigwira, koma pang'ono. Mbuzi ija inali chiphuphu ndithu.

Lachitatu, 12 Malichi

Zachitika. Osati zoopsa kwambiri, koma zachitika.

Pa kona ya pafupi ndi mlatho, bambo wina wa njinga yodzaza nthochi anatulukira m'kanjira ka m'munda, Amosi atadutsa kale. Lole inamukhudza ndi galasi. Munthu m'ngalande, nthochi msewu wonse, njinga ngati chilembo cha S. Wathyoka dzanja. Akanapendekera mbali inayo, bwenzi tikunena za maliro.

Ndinakamuona kuchipatala. Dzina lake Leonard, ali ndi ana ang'onoang'ono, ndipo dzanja lothyokalo ndi lomwe amagwirira ntchito. Iye n'kumapepesa, akuti mwina sanayang'ane bwino.

Lachinayi ndinalitenga kuti ine? Ndinapereka masiku ngati ndikudikira malisiti. Ndinkafuna mdala asachite manyazi, ndinkafunanso ndioneke wachifundo. Dzanja la Leonard ndi lomwe lalipira ulemu wanga.

Ndinabwerera ku shedi ndi kuitanitsa onse anayi, ngakhale ndine wochotsedwa ntchito. Fainess pa ndowa yake. Ndinaimirira, ndinangofika pa "Pepani, pali nkhani yokhudza chitetezo..." Bambo Namakhwa anakweza dzanja. "Khalani pansi, mwana wa eni. Maso ndi anga, ndinena ndekha."

Ananena. Mwachidule, ngati akulengeza nyimbo kutchalitchi. Atamaliza anadikira kuti anthu adzidzimuke.

Palibe anadzidzimuka. Mayi Emma akukonza mpango. Fainess akuchotsa dothi m'zikhadabo. Amosi akuwerenga malata.

Mdala anazungulira mutu uku ndi uku. "Mumadziwa?" Mayi Emma, mawu awo oyamba chifikireni ine: "Abambo, mwakhala mukuvala sokosi zosiyana chaka chathunthu."

Ndimayembekezera misozi. Kunabwera mkuntho. Anakalipa mu Chichewa, anakalipa mu Chilomwe, mpaka Chizungu cha ku esiteti chinatuluka. Nonsenu mumadziwa, n'kumandisiya ndizikwera phiri ndi ana a eni kumbuyo? Mumafuna ndife? Ndiphe munthu? Banja lotani lopanda ndi mmodzi yemwe wolimba mtima? Amosi anayesa kunena za njinga yamoto, zinangoipiraipira. "Kani chitsiru chimandilizira hutala m'mawa uliwonse chija ndiwe?"

Ndinaluma tsaya kuti ndisaseke. Fainess sanakwanitse.

Pamapeto anatulutsa kiyi wa lole m'thumba la jekete, namuika pa tebulo, pakati, osapatsa aliyense. Amosi ndi Fainess onse anamuyang'ana kiyiyo ngati nyama yotsala m'mbale. Ntchito imene ndinadzera yayamba tsopano.

Ndanena zitatu ndisanatuluke: mdala apite kupolisi akanene zoona, Leonard amulipirire chipatala ndi njinga ndi masiku onse amene sagwira ntchito, ndipo a inshulansi asawanamize. Amosi anafunsa ngati pa nkhani ya maso tingangodumphapo. Ndinati ayi. Anayang'ana kwa mayi ake. Mayi ake anati ayi.

Lolemba, 17 Malichi

Masiku anayi a phokoso. Amosi akufuna malole ndi nazale yomwe. Fainess akuti nazale aikhudze aone. Ndawauza kuti aliyense ndizikumana naye pamaso pa mnzake, za kuseri kwa ofesi zatha, ndipo wobwera ndi chinsinsi azibwera atadziwa kuti ndikhoza kuchikana. Dalaivala watsopano wayamba Lachisanu. A Namakhwa akuti amasintha magiya ngati akupha nkhuku.

Palibe amene wandibweza pa ntchito. Palibenso amene wandiuza kuti ndizipita.

Lero ndinawaperekeza pa siteji, a Namakhwa ndi mayi Emma, akupita ku Blantyre kukaonana ndi dokotala wa maso. Mwina lamanja lingapulumuke, mwina ayi. Amosi anali uko akukangana ndi kondakitala kuti bambo ake akhale kutsogolo. Mdala anandigwira pa mkono, nandikokera pafupi. Ndinati kaya andichotsanso ntchito kachiwiri.

Anafunsa motsitsa mawu: "Amayi ake akuti Amosi wayamba imvi. N'zoona?"

Ndinayang'ana. Ndinati eya, pang'ono, cha m'makutumu.

Anagwedeza mutu. "Mwana ameneyu anabadwa ndi tsitsi lambiri zedi. Anamwino ankaitanizana kudzamuona." Analoza nkhope komwe kumachokera mawu a Amosi, kuphonya pang'ono. "Zikumukhala?"

Ndinati zikumukhala.

Minibasi itanyamuka Amosi anandifunsa chomwe adadi amanena. Ndinamuuza kuti akawafunse yekha akabwera. Lipoti ndimati ndiyambe masana ano, koma ndiyamba mawa.