Kamudzi Kanu ka Pathanthwe, Bambo Kingsford Semba

Lero zakwana zaka zisanu ndi chimodzi chitisiyireni, bambo. Mpando wanu ukadali pakhonde kuno ku Nkolokosa, ndipo aliyense akaukhalira sachedwa kunyamukapo.

Munali mmisiri womanga ndi miyala. Muli mnyamata, abwana anu a ku Italy anakutengani kwawo kuti mukakonze makoma a minda yawo, m'kamudzi kokhala ngati kapachikidwa pathanthwe, m'mbali mwa nyanja yamchere. Munakhalako chilimwe chimodzi chokha, koma nkhani yake munaisimba moyo wanu wonse. Munkati nyumba zake n'zosanjikizana, ina yofiira, ina yachikasu, kuti msodzi ali pakati pa madzi azitha kuloza yake. Galimoto sifikako, n'masitepe okhaokha, ndipo mphepo imanunkhira mandimu. Pamwamba penipeni pali nsanja yakalekale pomwe makolo a anthu akumeneko ankayatsa moto akaona zombo za achifwamba, anthu n'kuthawira kumapiri ana ali m'manja. Inu amene munakulira ku Bangula mukuthawa madzi a Shire, munkati anthu amenewo munayamba kumvana nawo musanadziwe n'chilankhulo chawo chomwe.

Nyumba yathu munaipaka penti wonga papaya lakupsa, aneba akuseka, inunso mukuseka nawo. Chiperoni chikagwa m'mawa, chifunga n'kuphimba chigwa chonse kumunsi kwa Soche, munkatidzutsa kuti tikaone nyanja yanu. Tinkaima ndi makapu a tiyi tikunjenjemera, inu mukutilozera mabwato pomwe ife tinkadziwa kuti pali madenga a ku Naperi. Munkatilangiza kuti tiziyenda, tikaone dziko miyendo ikadali yolimba.

Amayi munawalonjeza kuti mudzapita nawo. Pasipoti yawo inatuluka inu muli kale m'chipatala. Pano maso awo achita chidima. Mwezi wathawu mwana wanu Zione anakapeza kamudzi kaja pafoni, n'kufuna kuwafotokozera mmene kakuonekera masiku ano. Iwo anakana. Akuti anayendamo kale m'mawu anu, khomo ndi khomo mpaka kudoko, ndipo safuna wina awasunthire ngakhale mwala umodzi.

Akukulirani akazi anu a Lines, ana anu Zione, Godfrey ndi Daisy, komanso adzukulu amene simunawanyamule.

Gonani mumtendere, bambo. Ife kukuiwalani ayi.