Makina a akamwini akubanika, ine chikwama chatsitsidwa

Agogo,

Ndine mayi wachikulire wa ku Nsabwe. Ndathyola tiyi moyo wanga wonse mpaka zala zinapindika ngati mbedza. Chaka chino mwana wanga Teleza ananditenga kuti ndizikhala naye pa esiteti, poti amuna ake a Philip, bambo a Tamando, anawakweza kukhala manijala. Nyumba yakeyo, Agogo, mukhoza kusochera popita kosamba.

Pabalaza pali makina oziziritsa mpweya. Mbali imodzi anaipachika pakhoma m'katimo, ina ndi chibokosi chili panja kuseri kwa zenera, chimangolira huuu ngati chigayo chakutali. Nditangofika ankauzira bwino zedi, mpaka ndinkavala juzi masana. Lero Okutobala uno, dzuwa likuswa mtengo, angotulutsa kampweya kofunda ngati ka mwana wodwala malungo.

Chonsecho ine ndawasamala. Chibokosi chapanja chija ndinachimvera chisoni chikupsa ndi dzuwa, ndiye ndinachifunditsa chitenje, chatsopanonso. Nditaona kuti chikulavulabe mphepo yotentha ndinati aa, imeneyi isapite pachabe. Ndimatsamiritsa lichero la mfutso kukamwa kwake kwenikweni. Umauma tsiku lomwelo, Agogo, gwa!

Tsono nkhani yaikulu ndi ya chitseko. Kwathu sitinaleredwe kukhala m'chipinda chotseka ndi mkamwini. A Philip akabwera kudzadya masana ndimadzuka, kutsegula chitseko ndi mazenera onse, n'kukhala pampasa pakhomo penipeni, mwendo wina m'nyumba, wina pakhonde. Iwo ndi munthu waulemu, kwawo ndi ku Rumphi, sanandikwezerepo mawu. Amangopukuta thukuta n'kufunsa kuti, "Amama, muli makora pamenepo?" Ine, "Ndili bwino, bambo." Akatero amakagona m'galimoto pansi pa bulugama.

Dzana Teleza anandiitanira kukhitchini. Akuti, "Amayi, inu mukuziziritsa Thyolo yense. Bambo a Tamando akuonda. Zikapitirira chonchi ndikuperekezani ku Nsabwe mpaka mvula igwe." Ndinati, "Iwe, unabadwa mwa ine kapena m'makinamo?" Anangoseka. Koma chikwama changa ndachiona, achitsitsa pamwamba pa wadilopu.

Ku Nsabwe kulibe wonditungira madzi, ndipo mawondo angawa anatha kale. Kodi makinawa akalamba, kapena akudana nane? Ndichite chiyani kuti ndisachoke, komanso ndisadzichotsere ulemu?

E. N., Thyolo

Mayi E. N.,

Makinawo sakudana nanu ayi, akungobanika. Chibokosi chapanjacho ntchito yake n'kutaya kutentha kochokera m'nyumba. Inu mwachifunditsa chitenje, n'kuchitsekanso kukamwa ndi lichero. Inuyo atakuchitani zimenezo mungaimbe? Chivuleni lero lomwe. Mfutso ubwerere pathandala, ndipo muzisesa zinyalala ndi kuzula udzu mozungulira kuti mphepo izidutsa. Ngati chikukumvetsanibe chisoni padzuwapo, kalipentala wa pa esiteti achikhomere kadenga m'mwamba ndithu, m'mbali monse mukhale poyera.

Mbali ya m'nyumbayo ili ndi chivundikiro. Mukachitukula mupeza tisefa tonga tosefera ufa, ndipo ndikulumbira kuti fumbi la m'misewu ya m'tiyimo ladzaza thoo. Teleza azimitse makina, atulutse tisefato, atsuke ndi madzi, tiume pamthunzi, abwezeretse. Azitero kawirikawiri mpaka fumbi lithe ndi mvula. Makatani a mbali yomwe kukuomba dzuwa azikhala otseka, ndipo nambala ya pa rimoti ikhale cha m'ma 24. Kuitsitsa mpaka pansi sikufulumizitsa kuzizira, n'kungothamangitsa makina ngati bulu wobwereka. Zonsezi zikapanda kuthandiza, aitane amisiri aone ngati gasi wake akutuluka penapake. Inu musakatsegule chibokosicho ndi mpeni, ndakuonani kale kuti manja anu sakhala.

Tsopano chitseko. Mwambo wanu ndi wabwino, ine sindiunyoza. Koma ulemu wogoneka mwini nyumba m'galimoto wasanduka chilango. Mwambowo umati musapanikizane ndi mkamwini, sunanene kuti muzikhala pakati ngati mwala wotsekereza chitseko. Sankhani mbali, mayi. Akalowa apatseni moni, nyamulani mpasa, tulukani pakhonde, mukokere chitseko. Akabwerera kuntchito lowani, tsekani, tambalalani muzizidwe ngati dona. Tsiku lotentha mopitirira, Teleza akhale nanu pabalazapo. Pali anthu atatu palibe wonena kuti munatsekerana ndi mkamwini.

Ndipo musadikire kuti a Philip akudandaulireni. Munthu wokufunsani ngati muli bwino thukuta likumuchucha sadzanena kanthu mpaka tsiku lokunyamulirani katundu, ndipo adzanyamula mwaulemu womwewo. Yambani ndinu mawa masana, aone okha chitseko chikutsekedwa ndi dzanja lanu.

Chenjezo langa ndi ili: Teleza sakufuna kukuthamangitsani, akungoopa kusankha pakati pa mayi ndi mwamuna. Musamufikitse posankhapo. Ndi kutentha kwa chaka chinoku, sindingakulonjezeni kuti asankha inu.

Agogo