Mayi a pa kauntala aimitsidwa ntchito, koma wolakwa ndine

Aphungu,

Ndine wolemba mapulogalamu a kompyuta pa chipatala china chaching'ono, ndipo ndimakhala m'kachipinda ka kuseri koyandikana ndi kochapira. Chaka chatha ndinapanga tsamba limene madokotala ndi anamwino amaonerapo zotsatira za odwala. Abwana anakana zoikapo mawu achinsinsi, amati anamwino amaiwala. Anati tsambalo lizingotseguka pa makompyuta a antchito basi.

Makina aliwonse a pa netiweki amakhala ndi adiresi ya IP, manambala anayi olekanitsidwa ndi timadontho. Ya makompyuta a antchito athu imayamba ndi 192.168.1, kenako nambala ya makinawo. Adiresiyo imafika mu pulogalamu ngati mawu wamba. Ine, chifukwa cha phuma, sindinaisandutse kukhala adiresi yeniyeni, imene kompyuta imatha kuiyeza n'kudziwa kuti ndi ya netiweki iti. Ndinangolemba kuti mawuwo akayamba ndi 192.168.1, tsamba litseguke. Ndinayesa, zinatheka, mpaka ndinadziombera m'manja ndekha.

Masabata awiri apitawa kunabwera mtsikana wina akulira. Anayezetsa mimba pa chipatala chathu osauza munthu chimene akuyezetsa, koma pofika kunyumba anapeza alamu ake, amene anamuperekeza, atauza kale banja lonse. Abwana sanafufuze n'komwe. Analoza mayi a pa kauntala amene amalembera odwala, poti ndi okonda macheza. Ndinawamva ndi makutu angawa akuti, "Bwana, pakamwa ndili napo, sindikana, koma za odwala ayi." Anauzidwa kuti akakhale kunyumba kudikira kalata.

Lachiwiri ndinatsegula kaundula wa makina onse amene analowapo pa tsamba lija. Tsiku limene mtsikanayo anayezetsa, zotsatira zake zinatsegulidwa ndi 192.168.12.40. Imeneyo ndi foni ya munthu wa pa wayifayi yaulere ya m'chipinda chodikirira. Paja 12 naye amayamba ndi 1. Dzina la tsambalo tinachita kulimata tokha pa khoma la pa kauntala kuti anamwino asamavutike. Ndiye kuti chaka chonsechi aliyense wokhala pa benchi akanatha kuwerenga matenda a mnzake.

Mayiwo amanditcha mwana wawo, amandisungira tiyi ndikachedwa. Sindinauze munthu aliyense. Kodi ndingokonza mwakachetechete? Ndikaulula, ntchito yanga yathera pomwepo.

T. K.

A T. K.,

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, kachiwiriko nditakhala pansi. Chaka chathunthu?

Tsambalo litsekeni lero lomwe, ngakhale anamwino ang'ung'udze. Za kakonzedwe ndinafunsa mkamwini wanga, amene amagwira ntchito ngati yanuyo, osamutchulira za chipatala. Anagwira m'mutu. Akuti adiresi ikafika ngati mawu, muziyamba mwaisandutsa adiresi yeniyeni, ndipo chida chochitira zimenezi chili kale m'zilankhulo zambiri zolembera mapulogalamu, simuyenera kupeka chanu. Netiweki ya antchito nayo muilembe monga netiweki, 192.168.1.0/24, ndiye pulogalamu izifunsa ngati adiresiyo ili mkati mwake. Mawu amene akanika kusanduka adiresi, pulogalamu iwabweze. Mukamaliza, mukakhale pa benchi lija n'kuyesa ndi foni yanu. Mawu achinsinsi nawo aikidwe, anamwino si ana.

Kumeneko ndiye kophweka. Kaundula uja musafufutemo kanthu. Msindikizeni, mupite naye kwa abwana, muwaonetse mzere wa foni ija, munene nokha kuti cholakwika chinali m'pulogalamu yanu. Iwonso ali ndi mbali yawo pokana mawu achinsinsi, koma musayambire pamenepo, mungaoneke ngati mukuzemba. Muwapemphe kuti kaundula yense aunikidwe, chifukwa mwina mtsikanayo si yekha, ndipo iye akuyenera kumva zoona ndi kupepesedwa.

Kodi ntchito itha? Mwina, sindikunamizani. Koma munthu amene wapeza yekha cholakwa chake n'kubwera ndi njira yokonzera, mabwana ambiri amaganiza kawiri asanamutaye.

Chenjerani ndi maganizo okonza mwakachetechetewo. Chaka chatha munalakwa ndi phuma, zimachitika. Mukabisa tsopano mudzakhala mwachita dala, chifukwa umboni wokhawo woti mayiwo sanaulule kanthu uli m'manja mwanu. Iwo ali pakhomo, anansi akuwaloza zala, ndipo kalata yowachotsa ntchito ikhoza kusainidwa tsiku lililonse. Mukafike kwa abwana isanatuluke.