Chipika cha Mango a Bambo

Lachinayi, mwezi wa Januwale, ku Senga Bay.

Lero kwatentha, mvula yakana, ndipo mtima wanga walemera.

M'mawa kunabwera alangizi a zankhalango kuchokera kuboma kudzalankhula nafe owamba nsomba. Akuti chiyambireni matipate tikugwetsa mitengo ngati kuti ufulu ndi nkhwangwa. Zinandipsetsa mtima. Ndinawafunsa kuti, "Nanga nsomba tiziwambira chiyani, achimwene? Utsi si umapita ndi mphepo?"

Anayankha modekha. "Supita kutali, mayi. Mpweya woipa wa mu utsi umakhala m'mwambamu n'kumatenthetsa dziko. Chimene chimaukoka ndi mtengo. Masamba amamwa mpweya umenewo, ngakhale womwe timatulutsa popumawu, mtengo n'kuusunga m'thunthu mwake zaka ndi zaka. Mukauwotcha, wonse umathawanso."

Anzanga anaseka, koma ine ndinakumbukira chimene ndinachita.

Mwezi watha nkhuni zitasowa ndinadulitsa mtengo wa mango wa kuseri kwa nyumba. Anaubzala ndi malemu bambo anga. Zaka zonse zija ankasoka ukonde pansi pake, akutsokomola, akuimba nyimbo za kutchalitchi chapansipansi. Ndiye kuti mpweya wawo unali m'menemo. Manda awo ali kutali, kumudzi kwawo. Chawo chimene ndinatsala nacho pafupi chinali mtengowo, ine osadziwa.

Ndinautha m'masiku anayi okha, kuwambira milamba yopita ku Lilongwe.

Alangizi atigawira mbande. Yanga ili pakhonde, sindinaibzale. Pa mtengo wonse uja patsala chipika chimodzi, ndipo ndachilowetsa m'nyumba. Mawa nsomba zibwera, nkhuni ndilibe, koma chimenechi ayi, chimenechi sindi...