Mankhwala osamba a Esitere

Amayi, kaya mukukhala bwanji kumene muliko?

Ine ndili bwino, ndikadali pa unamwino kuchipatala kuno ku Phalombe. Nandolo wabereka chaka chino, ndipo makaka tayanika ambiri kwa nthawi yoyamba chichokereni njala ija. Alamu, akazi a achimwene, achira ndi mwana wamkazi, ndipo am'patsa dzina lanu. Denga la khitchini yanu linagwa ndi mvula yomaliza. Nkhani zopepuka zathera pomwepa. Yotsalayi ndi ya mwana wanu Esitere, ndipo ndikuilemba ndili wokwiya.

Esitere anadzitema ndi khasu pamwendo m'munda wa mpunga. Anabisa mpaka chilonda chinayamba kununkha, ndiye anabwera kuno. Adokotala atachiona anandiuza kuti ndim'phunzitse zokachita kunyumba, monga ndimaphunzitsira odwala onse. Tili ndi mankhwala otchedwa pamanganeti, timibulu takuda ting'onoting'ono. Ukaponya tochepa m'madzi owiritsa, madziwo amasanduka mtundu wa duwa la mbatata, ndipo amapha tizilombo timene timaoletsa chilonda. Tizilomboto si nkhambakamwa. Ndinationa ndi maso anga pagalasi lokulitsa zinthu pamene ndinkaphunzira ntchitoyi. Ndinam'sonyeza kapimidwe kake, ndinamuuza kuti azichita m'mawa ndi madzulo tsiku lililonse, kenaka ndinam'kulungira papepala n'kunena mawu amene tonse timanena muno: "Awa ndi mankhwala osamba."

Atafika kumudzi, ang'ono anu a Meriya anam'funsa zimene wapatsidwa. Atangomva kuti ndi osamba, anati, "Awo timawadziwa. Malemu amako ankati chiyani? Mankhwala osamba sasambira kubafa ayi. N'pamphambano, mbandakucha, kamodzi kokha, ndipo pochoka osacheuka. Ukatero usakhudzenso madzi mpaka mphamvu yake ilowe."

Munkaterodi, Amayi. Umu ndi momwe munatisambitsira bambo atamwalira. Ine nditafunsa kuti kucheuka kulakwanji, munandiyankha kuti, "Iwe mafunso akowa adzakudyetsa chiyani?" Esitere anamva yankho limenelo ndipo sanafunsenso kanthu mpaka lero.

Choncho anakhuthulira pepala lonse mumphika umodzi. Madzi anada bii, moti posamba anam'wotcha khungu. Anasamba pamphambano ya njira yopita kwa Chiwalo, pamene pamadutsa ng'ombe, n'kubwerera kunyumba m'fumbi chilonda chili pamtunda. Madzi sanawakhudzenso. Patapita masiku, anam'bweretsa kuno pamachira, thupi likutentha, mwendo utatupa ngati mtondo. Adokotala anajambula mzere wa inki pansi pa bondo, ndipo anati kutupako kukadutsa mzerewo adula mwendo. Esitere ali ndi ana aang'ono, mwamuna wake ali ku Joni. Munda wa mpunga salima ndi mwendo umodzi.

Asisitere achizungu amene amayang'anira chipinda chathu anangopukusa mutu n'kundiuza kuti, "Anthu anuwa samva." Ndinadzigwira chifukwa ntchito ndikuifuna. Koma si zoona. Esitere anamva, ndipo anachita zonse mwatsatanetsatane kuposa odwala ambiri. Anamva mankhwala osamba anu, osati athu. Mawu akuti "mankhwala osamba" ali m'buku lathu la ntchito limene azungu anamasulira okha, ndipo pazaka zonse akhala kunozi sanafunsepo munthu kuti kumudzi mawu amenewa amatanthauzanji. Kunyoza n'kosavuta kusiyana ndi kufunsa.

Inunso sindikusiyani. Chimene chinakutengani ndi chilonda chonga chomwechi. Ndinakudandaulirani kuti mubwere kuno, inu n'kumati, "Kwanuko amadula anthu, ine ndifa ndili wathunthu." Munafadi muli athunthu. Koma mawu anu sanapite nanu kumanda. Akuyendabe m'mudzi, ndipo anthu amawaopa kuposa mmene amaopera chilonda chonunkha.

Lamulungu lapitali a Meriya anafika ndi dengu lawo kudzam'tenga. "Wavomera yekha ameneyu," anatero. "Galu anauwa, iye n'kucheuka. N'chifukwa chake mwendo watupa. Tikam'sambitsenso, ulendo uno ndikam'manga nsalu kumaso."

Esitere anali atayamba kale kumanga kamtolo kake uku akulira. Ndinam'fotokozera za tizilombo, za fumbi, za madzi owiritsa, zonse zimene ndinawerenga ndi zimene ndaziona. Iye maso anali kukhoma. Ndinaona kuti akatuluka pakhomo paja abwera mwendo utaola, kapena sabweranso n'komwe.

Ndiye ndinam'funsa kuti, "Esitere, muja unkakana kutsuka mbale n'kumati unatsuka kale dzulo, amayi ankati chiyani?"

Anaseka misozi ili m'masaya. "Ankati, 'Unatsuka dzulo, nanga lero tidyera pansi?'"

"Chilondachi ndi mbale imeneyo," ndinatero. "Mankhwalawa si osamba. Ndi otsukira. Lero, mawa, mkuja, mpaka chipole."

A Meriya anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Nanga osanena poyamba bwanji, namwino iwe? Zotsuka n'zina. Zimenezo zilibe mphambano." Anasiya mbatata imene anabwera nayo, nanyamula dengu lawo. Esitere anamasula kamtolo kaja.

Simukuona pondikwiyitsa, Amayi? Zoona zonse zimene ndikuzidziwa sizinam'khazike pabedi. Chinam'khazika ndi kukalipa kwanu pa nkhani ya mbale. Munali ndi nzeru zotsukira mbale tsiku ndi tsiku, koma chilonda chanu munachimata mizu n'kuchimanga sanza mpaka chinakuphani.

Tsopano m'chipinda chathu sindinenanso za kusamba. Wodwala aliyense ndimam'patsa beseni kuti asungunule yekha ndi kutsuka ine ndikuona, kenaka ndimam'funsa kuti akachitira kuti, ndiponso kangati. Asisitere andidzudzula kuti buku silitero. Ndawayankha mwaulemu kuti buku silidulidwa mwendo.

Kutupa kuja kwaima pansi pa mzere wa inki. Sikunayambe kuphwa, ndipo adokotala sanalonjeze kanthu, choncho inenso sindikunamizani. Chimene ndingalonjeze ndi ichi: mwendo umenewu ndiutsuka ndi manja anga m'mawa ndi madzulo mpaka upole, ndipo aliyense wobwera ndi mawu anu kudzam'tenga Esitere ndim'bwezera pakhomo, ngakhale mutabwera inu nomwe.

Ndine mwana wanu wokukondani, ngakhale lero ndakukwiyirani,

Rozina